Malonje a Aphunzitsi ku Stratford

Kunyumba yosamalira okalamba ku Dudley, kuno kutsidya kwa nyanja, aliyense amangowaitana kuti Overtone, ngati anasewera nawo fulaye. Ine zimandiwawa. Bambo amenewa anandiphunzitsa Chingerezi kusekondale ku Dedza, buku limodzi tikulimbirana anthu asanu, iwo akubangula mawu a mafumu a m'masewero mpaka mbuzi panja kuthawa. Lero amayala mabedi ndi kudyetsa nkhalamba, ndipo wowagawira ntchito ndine. Tsiku lina anandiuza kuti, "Thandi, usamanditchulenso aphunzitsi. Zimenezo zinatsala pa eyapoti."

Sindinavomereze. Masiku athu opuma atakumana, ndinawakokera pa sitima ya ku Stratford, kwawo kwa mlembi wa masewero aja.

Titatsika, munthu wolongolola uja anangoti kukamwa yasa! Nyumba zamatabwa akuda, zopendekeka koma zosagwa. Mtsinje wa Avon uli phee, mbalame zoyera zamakosi aatali zikuyandama mosatekeseka. "Kani malowa alikodi," anatero. "Ine ndinkawaphunzitsa ngati za kumwamba."

Vuto linabuka m'tchalitchi cha m'mbali mwa mtsinje, momwe mlembiyo anaikidwa. Mmenemo manda ena ali pansi pomwe mukuyendapo, miyala yolembedwa maina, alendo akungopondapo uku akujambula zithunzi. Aphunzitsi anaima nji!

"Tiponde anthu? Osaodira n'komwe?"

Ndinaganiza kuti ulendo wathera pomwepo. Koma iwo anawerama n'kuvula nsapato. Anayenda ndi masokosi, akuwomba m'manja chapansipansi, mpaka pa chotchinga cha manda a mlembiyo, nanjuta. Poyamba ndinachita manyazi. Atayamba kulankhula, ndinasendera pafupi kuti ndimve.

"Odi, eni khomo. Ndine Overtone Kambalame, ndachokera ku Dedza. Malonje ndi akuti kumudzi kuli bwino, ndipo mawu anu anafika. Denga linkadontha, mabuku anali ochepa, koma ana anamva. Ena mpaka analira."

Alendo omwe anali pafupi anatsitsa mafoni awo. Chichewa sankachimva, koma palibe anaseka. Aphunzitsi anatembenuka n'kundikodola.

"Uyu ndi mmodzi mwa ana amenewo. Anakhoza bwino. Ndinamuphunzitsa ndine."

Nanenso ndinavula nsapato n'kugwada pambali pawo, misozi ili chuchuchu.

"Zoonadi, aphunzitsi," ndinatero, ndipo ulendo uno sanandiletse.