Mausi wa Achimwene

Achimwene anga anthu ankawatchula kuti Mphepo. Dzinali analitengera ku bwalo la mpira, kumene ankathamanga m'mbali mwa mzere ngati wina akuwapirikitsa ndi chikwanje. Ndili mwana sindikumbuka kuti ndinawaonapo atakhazikika pampando. Akadzuka ankathirira dimba la kuseri kwa nyumba, n'kukwera njinga kupita ku ntchito yawo yoperekera katundu m'masitolo, madzulo n'kubwera ndi anzawo, thukuta lili kamukamu, kudzapala chilichonse chimene chatsala mumphika. Chaka ankachidziwira pakamwa. Ankatha kukuuza kuti magwafa atsala pang'ono kupsa asanayang'ane n'komwe mumtengo. Mtengo wa mango umene uli pabwalo pathu anaudzala okha, mothandizana ndi mnzawo wa paubwana amene tonse timangowatchula kuti a Makaniki.

Ine ndinabwera kudzakhala nawo nditamaliza sekondale, nditapeza ntchito m'sitolo ya nsalu. Ndinawapeza ali pabanja, ali ndi mwana mmodzi wamkazi amene timamutcha Gulugufe chifukwa satera malo amodzi. Chaka chomwecho kampani yoperekera katundu ija inatsekedwa, ndipo Achimwene anapeza ntchito ya pa intaneti.

Ntchito yake ndi yotere. Kampani ina ya kutali imawatumizira zithunzi za zipatso ndi masamba, iwo n'kumadina kuti ichi chapsa, ichi n'chachiwisi, ichi chawola, kuti makina a m'masitolo akuluakulu aphunzire kusankha okha. Bwana wawo sanamuonepo. M'malo mwa bwana pali kadontho pakona pa sikirini ya laputopu yawo. Mausi akamayenda kadonthoko kamakhala kobiriwira. Akangoima kwa mphindi zochepa kamafiira, ndipo munthu amene kadontho kake kamafiirafiira amapatsidwa ntchito yochepa, mwinanso kuchotsedwa osauzidwa.

Poyamba tinkaseka nazo. Alamu ankati, "Ndinakwatiwa ndi Mphepo, lero ndikukhala ndi mlonda wa kadontho." Achimwene ankaseka nawo, dzanja lili pa mausi.

Chipinda cha alendo chinasanduka ofesi. Makatani anatsekedwa chifukwa dzuwa linkathwanima pa sikirini. Kenako chitseko nacho chinatsekedwa chifukwa Gulugufe ankasokosa. Chakudya tinayamba kuwasiyira pakhomo pa chipindacho, tikagogoda dzanja lokha n'kutuluka kudzachitenga. Mbale zinkabwerako mochedwa, zina zitamera ubweya wobiriwira, zina muli mpunga wouma ngati miyala, supuni itakanirira momwemo. Kapu ina ya tiyi ndinaitaya yonse, chifukwa zimene zinkayandama mmenemo zinali zitayamba kuyenda zokha. Tikafuna kulowa kuti tisese ankati tiwasokoneza zingwe. Pansi pa chitseko pankatuluka fungo la masokosi, la mafuta ovunda, ndi lina lowawa m'mphuno limene sindinafune kuliganizira. Ndinaona kuti mabotolo a zakumwa amene tinkasunga kukhitchini akusowa limodzilimodzi, ndiponso kuti chitseko cha kuchimbudzi sichilira masana onse ndikakhala pakhomo. Ndinangosunga mumtima. Munthu sufunsa mchimwene wako wamkulu zinthu zotero.

Dimba linauma. Njinga inaphwa matayala, akangaude n'kumangapo nyumba. A Makaniki ankabwerabe Loweruka, n'kuima pawindo.

"Mphepo! Tuluka aise, anyamata akudikira ku bwalo."

"Ndikumaliza kaye izi."

"Izo zako sizitha. Ukuikira mazira mmenemo?"

"Sabata yamawa, aise."

Anthu ena onse anatopa, anasiya kubwera.

Nyengo yotentha itafika mango anabereka moti nthambi zinawerama. Ine ndi Alamu tinathyola amene tinkawafikira ndi nsungwi, koma a pamwamba ankapsera komweko n'kumagwa okha, phwa, phwa, pa simenti. Tikasesa m'mawa, pofika masana pabwalo pali phala lachikasu, ntchentche zazikulu zobiriwira zili ng'waa. Munthu amene anadzala mtengowo anali kuseri kwa katani, akuuza makina a kutali kuti mango a pachithunzi awa apsa.

Tsiku lina Gulugufe anaterereka pa mango owola n'kung'ambika mlomo. Analira mpaka anthu oyandikana nafe anasuzumira pampanda. Bambo ake anangofunsa ali m'kati kuti, "Wavulala kwambiri?" Chitseko sichinatseguke.

Alamu anamupukuta mwana magazi, anamusintha malaya, kenako anakaima pachitseko chija. Sanakweze mawu. Ine ndinali kukhitchini koma ndinamva zonse.

"Bambo a Gulugufe, Loweruka lino ndaitana anzanu. Tiwotcha nyama pansi pa mtengo wanu uja. Mutuluka, mukhala ndi anthu kuyambira pamene nyama ikuikidwa pamoto mpaka mlendo womaliza atatsanzika. Mukalowa m'chipinda chimenechi alendo alipo, ine ndi mwana tikupita kwa amayi, ndipo musadzatitsatire."

"Amayi, ntchitoyi ndi imene ikutidyetsa."

"Ndikudziwa. Sindinati muisiye. Ndapempha masana amodzi."

Tinangomva kudina kwa mausi kukupitirira.

Lachisanu madzulo ndikuchokera ku ntchito anandiitana ndi mawu onong'ona. Anatsegula chitseko pang'ono, mpata wokwana diso limodzi, iwo n'kutchinga kwinako ndi thupi.

"Chemwali, taona nzeru za mchimwene wako."

Anali ataika fani patebulo, ija yotembenuza mutu uku ndi uku. Pamutu pa faniyo anamangirira chingwe cha nsapato, mbali inayo n'kumanga mausi wawo wopanda waya. Fani ikatembenukira kumanzere mausi ankakhwekhwerezeka kumanzere, ikabwerera nayenso ankabwerera. Kadontho kanali kobiriwira, popanda dzanja la munthu.

"Anzanga a pa gulu lathu la pa intaneti ndi amene andiphunzitsa. Mawa ndine mfulu. Usauze alamu ako."

Ankamwetulira ngati mwana. Mano awo anali achikasu, ndipo mpweya umene unatuluka pampatapo unandibweza m'mbuyo. Ndinangogwedeza mutu, ndikupumira m'dzanja.

Loweruka tinakolopa pabwalo, tinayala mikeka, a Makaniki anabwera ndi mbaula yaikulu imene anapanga okha ndi theka la mgolo. Anabweranso anzawo awiri a mpira ndi akazi awo. Makala atayaka, Achimwene anatuluka.

Anali atasamba, koma madzi sachotsa zonse. Khungu lawo linali litayezuka ngati la munthu wochokera m'chipatala. Mimba inali patsogolo, miyendo yothamanga ija itawonda, mapazi atatupa moti anangotuluka opanda nsapato. Anaima pakhonde akuphethira, dzanja lili pamphumi.

"Ee! Maliro auka!" anakuwa a Makaniki. "Bisani ana!"

"Ameneyu ndi Mphepo kapena bambo ake?" anatero mnzawo wina, wamtali, amene kale ankagwira pagolo.

"Mphepo inatha, kwatsala kampweya," anatero winayo.

"Khalani chete inu," anatero Achimwene, akuseka. "Ine ndimagwira ntchito ndi mutu, osati kugona pansi pa galimoto za eni ake."

"Ndiye mutuwo wakudya miyendo?"

Anakhala pamkeka. Alamu anawapatsa mango limodzi lalikulu. Analitembenuza m'dzanja, analiyandikiza kumaso, n'kunena kuti, "Ili lili ndi banga. Gulu lachiwiri."

Anthu anafa nako kuseka. A Makaniki anawalanda, analuma nsonga n'kuwabwezera. "Iwe, chinthu ichi amadya, sachita kuchilemba mayeso."

Analuma. Madzi anayenderera m'ndevu mpaka m'chigongono. Anatsinzina, anayamwa mpaka njere inayera, n'kutambasula dzanja kufuna lina. Ine ndinkaona chala chawo cha kumanja chikudinadina pabondo, ndi khutu limene linkapendekera ku windo kumvetsera ngati fani ikulirabe. Koma pang'onopang'ono chalacho chinaima. Anayamba kukangana ndi wapagolo uja za chigoli china cha kalekale. Gulugufe, amene poyamba ankawazungulira patali ngati mlendo, anadzakhala pamwendo pawo n'kuwaonetsa chipsera cha pamlomo. Alamu ankatembenuza nyama, ndipo ndinaona kuti mapewa awo atsika.

"Mango abwino ali pamwamba," anatero wapagolo. "Koma mwini mtengo anakalamba."

"Ndani wakalamba?"

Anadzuka. Anakwera movutikira, akupuma ngati fani yakutha, mimba ikukhula pathunthu, anthu akuwakuwiza. Atafika pamphanda yapamwamba anagwedeza nthambi, mango n'kugwa ngati matalala, ana akuthawa uku akuseka. Anafuula ali komweko kuti akuona bwalo la mpira. Alamu anaseka mokweza, ulendo woyamba m'nyengo yonseyo.

Koma kugwedezako kunadzutsa ntchentche zimene zinali pa mango owola kuseri kwa mpanda. Zinabwera gulu, n'kutera pa nyama imene inali itaphulidwa, pa mpunga, pa milomo ya makapu. Akazi anakupiza ndi mbale koma sizinamve.

"Mulibe fani m'nyumba muno?" anafunsa a Makaniki. "Ndikuimva ikulira. Ikukupizira ndani, poti tonse tili panja?"

A Makaniki pakhomo pathu sapempha chilolezo. Ndisanapeze mawu anali atalowa kale. Ndinawatsatira ndikuti ndiwaletse. Ndinafika pakhonde la m'kati iwo atakankha chitseko.

Anaima kaye, n'kutukwana pang'onopang'ono. Kenako anagwira mpweya, anazimitsa fani, anawerama n'kukoka chingwe chachitali cha magetsi chimene chinadutsa pansi pa tebulo. Chingwecho chinakokera mabotolo.

Anali ambiri, atandandalikidwa kukhoma kuseri kwa katoni, ena achikasu, ena ofiirira ngati tiyi wosathira mkaka, ena opanda zitsekerero. Anagwa motsatizana. Mkodzo wa masabata unayenderera pansi, unanyamula makoko a nthochi akuda ndi mapepala opukutira m'manja, mphemvu zikuthawa patsogolo pake, n'kutulukira pachitseko kulowa m'khonde mmene munali nsapato za Gulugufe za kusukulu. Fungo lake linali loluma m'maso. A Makaniki anatuluka chafutambuyo, malaya ali pamphuno, akudzuma ngati asanza.

"Mphepo! Iwe Mphepo! Ndi chiyani ichi?"

Achimwene anali atamva kale kuti fani yasiya kulira. Ndinamva nthambi ikuthyoka, anthu akukuwa, kenako mapazi. Analowa akuthamanga, mwina kuthamanga kwawo koyamba chiyambireni ntchitoyi, mkono ukutuluka magazi pamene khungwa linawakala. Alamu anali pambuyo pawo, foloko ya nyama ili m'manja, alendo ena akusuzumira pamapewa.

Sanayang'ane pansi. Anaponda momwemo ndi mapazi opanda nsapato, chwa, chwa, madontho akuthovukira m'miyendo ya thalauza. Anadula chingwe cha nsapato chija ndi mano, anagwira mausi n'kumuyendetsa patebulo mwamsangamsanga, nkhope ili pafupi ndi sikirini. Kenako anapuma mpweya wautali, anatembenuka ali chiimire m'chithaphwicho, n'kumwetulira.

"Kakadali kobiriwira," anatero.

Mkazi wa wapagolo anathamangira panja, tinamumva akusanza m'maluwa. Alamu anayang'ana mabotolo, anayang'ana mapazi a amuna awo, anaika foloko pawindo mosamala ngati ingasweke, n'kulowa kuchipinda chogona.

Nyama palibe anaikhudza. Alendo anatsanzika ndi maso okha. A Makaniki anatsuka manja pampopi nthawi yaitali, anathira madzi pamakala, n'kunyamula mbaula yawo ikadali yotentha, atakulunga zogwirira ndi zisanza. Pachipata anatembenuka n'kundiuza kuti, "Chemwali, uvale mapepala apulasitiki m'manja."

Alamu anatuluka ndi chikwama chimodzi ndi Gulugufe, mwanayo atavala nsapato za kutchalitchi. Anandigwira dzanja.

"Mlamu, usakolope. Si ntchito yako."

Achimwene anatuluka akusiya mapazi onyowa pa simenti. Mausi anali m'dzanja lawo, akumukhula pantchafu, mmwamba ndi pansi, kuti kadontho kasafiire.

"Amayi, tadikirani. Ndinatuluka, simunaone? Ndinakwera mtengo. Wolakwa ndi Makaniki, ndani anamutuma? Mayi a Gulugufe, tiyeni tikambirane ngati anthu."

"Bwerani tikambirane," anatero Alamu. Anaima pachipata, anatula chikwama pansi. "Ndili pano."

Achimwene anayenda mpaka kumapeto kwa khonde. Anatsitsa phazi limodzi pa sitepe, anacheukira ku windo la chipinda chija, n'kulibweza. Mausi wopanda waya amagwira ntchito akakhala pafupi ndi laputopu, ndipo pa sitepepo ndi pamene mphamvu yake imathera.

"Tabwerani pafupi inuyo," anatero. "Pang'ono pokha."

Alamu anadikira. Gulugufe anayang'ana bambo ake, kenako mayi ake. Dzanja la Achimwene linkapitabe mmwamba ndi pansi pa thalauza lonyowalo. Alamu ananyamula chikwama, anatsegula chipata, n'kutseka bwinobwino atatuluka.