Utsi Kuseri kwa Nyumba ya A Tcheya

Ndikukumbukira chaka chimene a khonsolo analetsa kutentha masamba m'malayini a pa Phalombe Boma. Ndinali mu Sitandade 4. Kufikira nthawi imeneyo, m'mawa uliwonse wa chilimwe unkayamba chimodzimodzi: matsache kukwecha pabwalo, milu ya masamba a mango, kenako utsi woyera kugona pamadenga mpaka phiri la Michesi kubisika. Mayunifolomu athu ankanunkha utsi, koma palibe ankaseka mnzake chifukwa tonse tinkanunkha mofanana.

Ndiye tsiku lina mpanda wa udzu wa banja lina unapsa pamodzi ndi khitchini yomwe. Galimoto ya chimkuzamawu inazungulira kulengeza kuti khomo lililonse likumbe dzenje, masamba aziwolera momwemo. Layini yathu inasankha amayi anga kukhala wapampando wa komiti ya ukhondo. Amayi ankagulitsa tomato pamsika, sukulu analekera panjira, ndipo aka kanali koyamba kuti anthu awatchule ndi udindo. Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse, mwinanso mopyola. Akangoona kautsi penapake, ankamanga chitenje n'kunyamula ndowa ya madzi. Moto wa mayi a Esinati, oyandikana nafe, anauthira madzi kawiri konse, mpaka awiriwo analeka kupatsana moni.

Ine ntchito yanga inali yotaya phulusa la m'mbaula. Kale ndinkalikhuthulira pamulu woyaka kale, choncho kutentha kwake kunalibe kanthu, ndipo dzanja linazolowera choncho. Tsiku limene bambo wa zaumoyo wa ku khonsolo ankayendera layini yathu, ndinadzuka mochedwa. Ndinanyamula mbaula imene amayi anaphikira phala, n'kuikhuthulira m'dzenje lodzaza masamba ouma a milungu itatu, ine ulendo wa kumjigo. Pamwamba phulusalo linkaoneka lozizira.

Pobwerera ndinapeza anthu adzaza pakhomo pathu. Amayi anachita dala kuika nyumba yathu kumapeto, kuti alendo ndi layini yonse aone dzenje lachitsanzo. Dzenjelo linali likufuka ngati uvuni wa njerwa. Mayi a Esinati anaima kutsogolo, manja ali m'chiuno.

"A tcheya, kani lamuloli limathera pampanda wanu?" anafunsa mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve.

Bambo wa zaumoyo uja anafunsa amene wayatsa. Ine ndinali chiimire, ndowa ili pamutu, madzi akutsikira m'khosi. Amayi sanandiyang'ane n'komwe.

"Khomo lino ndi langa, moto ndi wanganso," anatero. Anatula ndowa pamutu panga n'kukhuthulira m'dzenjemo.

Sabata lomwelo komiti inasankha munthu wina. Amayi anabwerera ku tomato wawo, ndipo sanalowenso komiti ina iliyonse, ngakhale ya kutchalitchi kumene ankawapempha chaka ndi chaka. Sindinamenyedwe, sindinafunsidwe kanthu. Manyazi ndinali nawo ndithu, koma mantha anandikulira, ndipo sindinaulule.

Masiku ano m'malayini muja utsi wa m'mawa unachepa. Chivutireni feteleza, masamba anasanduka chinthu chosiririka. Anthu amawakwirira kuti apeze manyowa, ena amachita kukapempha kwa anzawo okhala ndi mitengo yambiri. Ana anga sadziwa n'komwe kuti anthu ankadana chifukwa cha masamba a mango.

Ndinadzaulula kwa amayi ndili kale pabanja, tsiku lina tikusenda chinangwa pakhonde. Ndinayamba mozungulira mpaka ndinafika pa mbaula. Amayi sanaimitse mpeni.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Ndimangodikira kuti ubwere wekha. Koma wachedwatu, mwanawe."