Neti Inkadwala Ndikatuluka Pakhomo

Anzanga, Bassem ndinakumana naye padenga la nyumba yathu ku Shubra, ndili thukuta kamukamu pa seva ya Baba.

Seva imeneyi imagawira intaneti mabanja a mumsewu mwathu, aliyense liwiro lake. Sabata imeneyo inali itapenga: kwina ikuthamanga, kwina zii.

"Mayi injiniya, mukuikonza kapena mukuimenya?" anandiseka, mawaya ali paphewa. Baba ndi amene anamuitana kuti adzaikonze.

Anasanja magawidwe onse, neti n'kukhazikika. Ine ndiye ndinagweratu m'chikondi, osanama! Tiyi padenga, kukadya koshari Lachinayi... mpaka pasiwedi ya seva ndinampatsa.

Kenaka vuto linabwereranso, koma nthawi zokhazo zimene ine ndatuluka.

Ndikangofika kwa anzanga, foni kulira. Umm Shady, neba wathu: "Nermin, mwana wanga ali pa mayeso, neti ikuduladula! Tikuthawani ife!"

"Uzikhala pafupi, mwana wanga," Baba anandichonderera. "Anthuwa akatisiya tidya chiyani?"

Bassem ankangomwetulira. "Waona? Seva imakusowa. Kunjako ukukatani, iwe?"

Ndinasiya kuyenda. Ngakhale ku ukwati wa msuweni wanga sindinapite.

Tsiku lina ndinaiwala foni kunyumba, n'kukatandala kumsika. Pobwera, panalibe ndi mmodzi yemwe wodandaula.

Apa ndinayamba kukayikira.

Ndinakwera padenga, n'kukhala pa seva. Ndinazimitsa wifi pafoni yanga... liwiro la mabanja onse linayamba kudumphadumpha. Kuyatsa, bata. Kuzimitsa, chipwirikiti.

Mayo ine!

Nditafufuza malamulo a magawidwe limodzilimodzi, ndinalipeza litabisidwa pansi penipeni. Foni yanga ikangochoka pa neti ya kunyumba, linkasokoneza liwiro la aliyense mpaka nditabwerako. Analilemba ndi Bassem.

Ndinalifufuta, n'kusintha pasiwedi.

Nthawi yomweyo foni inalira.

"Nermin, wakhudza chiyani?" Mawu a Bassem anali ofatsa kwambiri.

"Unanditsekera m'nyumba ngati nkhunda, Bassem!"

"Ndimakuteteza, habibti, wokondedwa wanga. Tsegula chitseko, ndili pansi pano."

Ndinasuzumira. Analidi chiimire pakhomo, maso ali kudenga.

Sindinatsegule. Nditawauza zonse, Baba anatsika okha kukamuthamangitsa, ndipo anachoka akumwetulirabe.

Neti ili bwino tsopano, anzanga, aneba asiya kudandaula. Ine ndiye ayi. Munthu akamati "ndikukuteteza", muzifunsa kuti kwa ndani.

Mpaka lero ndikamatuluka ndimazimitsa foni, ndipo ndimayenda chocheuka.