Pepala lomwe ndidakutira kope

Ndikukumbukira chaka chomwe ndidali mu Sitandade 5, tikukhala ku Marka m'masiku aja a chipani chimodzi. Baba adali kalaliki wa kasitomu pamalire. Adali munthu wa phee, koma ukangowaputa za buku lina lachingerezi lomwe adawasiyira mlendo wodutsa, umathawa wekha.

Bukulo lidali lonenepa ngati njerwa, lokamba za asodzi a ku America osaka chinsomba choposa nyumba. Komatu chidawagwira mtima Baba sichidali chinsombacho ayi, adali mlembi wake. Masamba oyambirira amati bukulo litatuluka silidayende malonda, otsala ena adapsa m'nyumba yosungira katundu, ndipo mwini wake adakalamba akugwira ntchito ya kasitomu padoko. Adamwalira woiwalika. Dziko lidadzamutama atagona kale m'manda.

"Wamva, mwananga? Wakasitomu ngati ine," ankatero, maso ali gwaa.

Ndiye nawonso ankalemba lawo. Lamulungu masana amakhala pansi pa mtengo wa nimu, thukuta lili kamukamu, akulemba kuseri kwa mafomu akale a kuntchito. Akatha amatsekera m'chitini cha mabisiketi kuopa chiswe. Mai akawaseka kuti mapepala sitidya, amangoti, "Adzawerenga adzukulu."

Kusukulu kwathu, kope losakutira lidali chikwapu Lolemba lililonse. Nyuzipepala timaiopa, chifukwa kupinda nkhope ya mtsogoleri udali mlandu. Tsiku lina nditasowa pepala la simenti, ndidatsegula chitini chija nkusolola tsamba limodzi. Ndidakutira bwinobwino, zolemba za Baba zili m'kati.

Aphunzitsi athu, a Zuze, ataona chidindo cha boma pachikuto, adafutukula pepalalo nkuyamba kuwerenga.

"Walemba ndani izi?"

"Baba! Akulemba buku ngati la ku America, ladzadza chitini!" Ndidayankha mokweza, monyada, kalasi yonse ikumva, kuphatikizapo ana a tcheyamani wa chipani.

Dzuwa lisadapendeke a Zuze adafika kwathu panjinga, ndipo adakana mpando.

"Achimwene, tsambali likukamba za mayi wobwezedwa pamsika chifukwa chosowa khadi la chipani. Papepala la boma! Ana onse amva. Kusache zili m'nyumba muno."

"Takhuta," adathokoza Baba m'Chisena, mawu ali m'munsi.

Ndidadikira chikwapu, koma sichidabwere. Bola chikadabwera. Baba adangonditwika chitinicho pamutu, tidatsetserekera ku Shire. Adabwereka bwato, adathira miyala m'chitini, namanga ndi luzi. Pakati pa mtsinje adachigwira kanthawi pamaondo, kenako adachisiya. Chidangoti thibu, madzi nkubwerera mwakale.

"Pakamwa, mwananga," adatero tikupalasa kubwerera.

Patapita masiku awiri kudabwera amuna atatu, adagwedeza mphasa ndi madengu, sadapeze kanthu. Baba adapulumuka, koma sadalembenso. Buku la ku America lija lidathera pansi pa mwendo wa tebulo lomwe linkagwedera. Nthawi zitasintha ndidawagulira makope atsopano, ndili mayi wa ana awiri. Adawayang'ana nkukana m'Chisena kuti, "Nkhabe, zidapita ndi madzi." Adamwalira makopewo ali oyera.

Ndidaphunzira kutseka pakamwa, ndipo ndidaphunzira mopitirira, moti ana anga amati ndine wouma mtima. Koma chomwe ndamvetsa pano nchowawa kuposa pamenepo. Wakasitomu wa ku America uja adaiwalika, inde, koma mabuku ake ena adatsala pamashelefu, kudikira womupeza. Baba adali ndi chitini chimodzi. Adzukulu aja alipo, amatha kuwerenga, ndipo amandifunsa kuti agogo awo ankalemba zotani. Ngakhale tsamba lija sindidaliwerenge. Ndidalisankha chifukwa pepala lake lidali lolimba.