Nkhondo ya Ababa Anga

Ndikukumbukira kuti m'malayini a pa esiteti ya tiyi pomwe ndinakulira, wailesi yomveka bwino inali ya kwawo kwa Dalitso, mnzanga wa Sitandade 5. Mayi ake ankathyola tiyi limodzi ndi amayi anga, koma bambo ake anali msilikali, ndipo Dalitso ankayenda ngati kampu yonse ili m'thumba mwake.

Nyama ya m'chitini imene ankabwera nayo kusukulu inkandiwawa, inde, koma osati ngati mawu ake. Mnyamata uja ankatola mawu pa wailesi n'kumatimwaza nawo. Tikawina mpira, ife tinkangoti tawina, iye ankati tagonjetsa adani. Aphunzitsi akalowa mwakachetechete ankati atilalira. Ngakhale kuba mapeyala kwa amanijala ankakutcha chiwembu. Atsikana ankagwa nako kuseka, ndipo ahedi ankamusankha kuti aziwerenga nkhani pa asembule. Ine ndinkaima kumbuyo, mapazi ali mbuu ndi dothi lofiira, mtima ukutentha ngati ng'anjo ya kufakitale.

Chaka china kunagwa ntchemberezandonda, mbozi zija zodya chimanga. Madzulo ena, nditakhala pansi pa zenera la kwa Dalitso, ndinamva wailesi ikuti boma lathira nkhondo pa mdani amene walowa m'minda. M'mawa mwake akapitawo anabwera kudzauza ababa kuti gulu lawo lopopera mankhwala likathandize alimi a ku Khwethemule. Ababa anatuluka atavala ovololo, jombo ndi chophimba kumphuno, thanki ili kumsana, mpope uli m'manja ngati mfuti. Fungo la mankhwala linadzaza khonde. Ndinawayang'ana mpaka anazimiririka mu nkhungu, pakati pa mizere ya tiyi.

Pa buleki sindinathe kudikira. "Ababa anga apita kunkhondo," ndinatero. Anzanga anandizungulira, ine amene ndinali ndisanazunguliridwepo. Kenako Dalitso anafika akunyambita zala.

"Nkhondo yake iti? Ya mbozi ija?"

Chiseko chake chinamveka mpaka ku ofesi ya ahedi. Kuyambira pomwepo ndinali Kaputeni Mbozi, ndipo dzinalo linandikakamira mpaka mayeso a Sitandade 8.

Pa Khirisimasi bambo ake a Dalitso anabwera patchuthi. Ndinakakamira pakhomo pawo kuti ndimve mawu akuluakulu aja kuchokera kwa eni ake. Anali munthu wowonda, wofatsa, wokonda kusenda chinangwa. Nditalimba mtima ndinawafunsa kuti adani amawagonjetsa bwanji.

"Zimenezo n'za pa wailesi, mwanawe," anayankha. "Ife timangoti tili pa ntchito. Ababa ako ali bwanji chifuwa chija?"

Ababa ankatsokomoladi chichokereni ku Khwethemule, ngakhale chimanga cha kumeneko chinapulumuka. Ndinayang'ana Dalitso, poganiza kuti achita manyazi. Ayi ndithu. Anali atavala chipewa cha bambo ake, chikumugwera m'maso, ndipo chinamukhala bwino moti ndinabwerera kwathu osatsanzika.

Masiku ano nkhondo zachuluka. Pali yolimbana ndi kolera, ya katangale, ya kukwera mtengo kwa feteleza, ndipo timu ikaluza amati aithira machaka. Wailesi ili m'foni ya aliyense, palibenso mwana wokhala pansi pa zenera la eni. Ine ndine kapitawo pa esiteti yomwe ija. Dalitso amawerenga nkhani pa wailesi ina mu Blantyre, ndipo mkazi wanga akamva mawu ake amakweza voliyumu.

"Mnzanu uja amatha Chichewa," amatero.

Ine ndimangoti batire itha, tizimitse.