Katapila Wosaodira

Loweruka lapitali ndinakwera kumudzi, kufupi ndi Kasina, kukaona alamu anga a Fabiano, amuna awo a achemwali anga a Teleza. A Fabiano amagwira ntchito kunja kwa dziko lino, m'mphepete mwa nyanja yamchere, komwe akumanga doko la sitima zapamadzi. Iwo amayendetsa chihamala chokhomerera mizati yachitsulo pansi pa nyanja. Abwera kutchuthi, ndipo monga aliyense wochokera kutali, abwera ndi nkhani.

Tinakhala pakhonde titavala majekete, pakuti mphepo ya Julaye kuno sichita nthabwala. Anansi anabweranso kudzalonjera. Nkhani imene inawaseketsa kwambiri inali ya chilolezo.

A Fabiano anati kumeneko kampani singakhome mzati ngakhale umodzi isanalandire chilolezo cha boma chosokoneza anamgumi ndi nyama zina za m'nyanja. Osati chowapha ayi, chowasokoneza chabe. Pansanja pamakhala mtsikana wonyamula magalasi oonera patali ndi kawayilesi kam'manja. Akangoona msana wakuda watumphuka pafupi, amangolankhula kamodzi, chihamala chonse zii. Amuna a ndevu zawo amakhala pansi kudikira kuti chinyamacho chidutse.

"Boma lathunthu, alamu, kudinda pepala chifukwa cha nsomba," anatero akupukusa mutu.

Ndinawakumbutsa kuti namgumi si nsomba, chifukwa amapuma mpweya ngati ife ndipo amayamwitsa mwana wake. Iwo anati kwawo chilichonse chokhala m'madzi ndi ndiwo, za kuyamwitsazo ndikawauze ana asukulu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kenako anawonjezera china. Anati ngakhale panyanja pasaoneke kanthu, saloledwa kuyamba ndi mphamvu zonse. Amayamba ndi kugogoda pang'onopang'ono, kuti ngati pansi pali nyama imene mtsikana uja sanaione, imve ndi kusuntha yokha chiphokoso chenicheni chisanayambe.

Achemwali anga anali pambali akusankha nyemba m'lichero. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndiye kuti mumaodira," anatero.

Apa sanaseke munthu, chifukwa aliyense pakhondepo ankadziwa zimene ankanena. Inu amene munakulira m'tauni, momwe madzi amatuluka m'khoma, mundilole ndifotokoze. Kwathu mwamuna akamayandikira powolokera mtsinje amaima chapatali, pomwe sangaone madzi, n'kufuula kuti, "Odi kumadzi!" Ngati kuli amayi akusamba, amamuyankha kuti adikire. Ngati kuli zii, amaitananso asanatsike. Njirayo ndi ya aliyense, palibe angamuletse kuwoloka, koma amaodira. Mwana wamwamuna amaphunzira zimenezi asanaphunzire kulemba dzina lake.

Lolemba m'mawa ndinali ndisanabwerere kuboma. Ndi tsiku limene katapila wokumba dothi, wa kampani yomanga mlatho pamtsinje wathu, anafika.

Za mlatho tonse tinkadziwa, ndipo tonse timaufuna. Mtsinje wathu ndi waung'ono, koma dzinja ukadzaza ana amajomba kusukulu ndipo wodwala amagona tsidya lino kudikira madzi aphwe. A Teleza omwewo anali m'gulu la amayi a mphakati wa kutchalitchi amene anasenza mchenga pamutu kuunjika pambali pa msewu. Chimene sitinkadziwa ndi tsiku loyambira, ndiponso komwe dothi lokumbidwa lidzatayidwe.

Kumunsi pang'ono kwa powolokera kuli dziwe limene timalitcha la pa Katope, chifukwa cha mtengo wa katope umene mizu yake inalowa m'madzi. Kuchokera padziwelo ngalande imatenga madzi kupita kumadimba. Mbatatesi ya achemwali anga yayamba kumene maluwa, ndipo mlimi aliyense wa kuno akuuzani kuti mbatatesi ikasowa madzi pa nthawi imeneyi, mudzakumba timiyala. Pansi pa mizu ya katopeyo mumakhalanso akatumbu, tinyama ta m'madzi todya nsomba ndi nkhanu. Si ambiri amawaona, koma m'mawa pamwala pamakhala zikamba za nkhanu zimene adya usiku.

Katapila anatsika motsetsereka amayi ali pakati pochapa, ena akusamba kuseri kwa bango. Sanaimbe ngakhale hutala. Amayi anathawa atagwira zitenje pachifuwa, sopo n'kupita ndi madzi. Pamene ine ndi a Fabiano tinkafika, chipande cha katapila chinali chitathira kale dothi lofiira m'mbali mwa dziwe, madzi atasanduka phala.

A Teleza sanathawe. Anakwera pamwala wa pakamwa pa ngalande, anaika beseni la zochapa pambali, n'kukhala pansi. Woyendetsa katapila anayang'ana kapitawo wake, kapitawo anayang'ana amayiwo, injini n'kumangolira.

Kapitawoyo anali munthu waulemu ndithu, sindimunamizira. Anafotokoza kuti dothi liyenera kutayidwa pafupi kuti ntchito ithe mvula isanagwe, kuti dziwelo ndiye malo otsika, ndi kuti kampani yawo ili ndi chilolezo chochokera kuboma. Mawu akuti chilolezo anawabwereza ngati munthu wotseka chitseko.

"Chilolezo chomanga mlatho ndachimva, bambo," anatero a Teleza. "Nanga chokwirira dziwe anakupatsani ndani? Mwaodira kwa yani?"

Kapitawo anatembenukira kwa a Fabiano, popeza anali atamva kuti nawonso ndi munthu wa makina. Anawapempha kuti alankhule ndi mayi akunyumba, chifukwa iwo akudziwa mmene makina oima chabe amapwetekera ntchito. Ndinawayang'ana alamu anga, munthu yemwe dzana lake ankaseka pepala la nsomba. Anatembenukira kwa kapitawo manja ali m'thumba.

"Akapitawo, ine kuntchito ndimazimitsa injini chifukwa cha chinyama chimene sindinachionepo nkhope," anatero. "Awa ndi akazi anga."

Injini inazima. Koma ndisakunamizeni kuti nkhani inathera pompo. Kapitawo anati aimbira mabwana ake, ndipo pochoka anandiuza ine, atadziwa kuti ndimalemba nyuzi, kuti anthu ngati ife ndi amene timabwezera chitukuko m'mbuyo. Madzulo ake ena a m'mudzi momwemo ananena zofanana. Anati a Teleza athawitsa mlatho chifukwa cha mbatatesi ndi tinyama toba nsomba.

Dzina limenelo la obwezera chitukuko m'mbuyo ndikulikana, ndipo ndikulikanira pano poyera.

Tiyeni tibwerere kunyanja kuja, tione chimene tinkasekacho. Phokoso limayenda msanga ndiponso limafika patali m'madzi kusiyana ndi mumpweya. Namgumi ndi anzake amadalira makutu kuposa maso: amapeza chakudya, njira ndi ana awo pomvetsera. Chihamala chokhoma chitsulo chikhoza kuwagonthetsa, ndipo nyama yotere ikagontha yatayika. N'chifukwa chake m'maiko ena womanga doko amayenera kunena poyera, ntchito isanayambe, kuti asokoneza nyama zamtundu wanji, mochuluka bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi zimene achite kuti vutolo lichepe. Boma likavomera limamuikira malire. Akawadumpha, walakwa.

Sindikunena kuti pepalalo ndi loyera ngati mkanjo wa ansembe. Chilolezo chosokoneza ndi chilolezobe chosokoneza. Doko limamangidwa, mizati imakhomedwa, namgumi amasamuka kaya akufuna kaya sakufuna. Alipo amene amati ndi njira yongovekera chiwonongeko chidindo, ndipo sindingawatsutse kotheratu.

Koma taonani chimene pepalalo limavomereza. Limavomereza kuti m'madzimo muli kale wina. Limavomereza kuti kumusokoneza ndi mlandu pokhapokha utapempha, utanena kukula kwake, ndi kulonjeza poyimira. Kumeneko chilolezo chimamanga manja a womanga. Kuno mawu omwewo tawasandutsa chikwapu chothamangitsira wofunsa. Munthu akangoti "tili ndi chilolezo," tonse timayenera kutola mabeseni athu.

Chilolezo chanji? Chimati chiyani za dothi? Chimati chiyani za ngalande? Anachiwerengera ndani pamsonkhano wa mudzi?

Malamulo ifenso tili nawo. Ntchito zikuluzikulu m'dziko muno zimayenera kuunikidwa kaye mmene zikhudzire chilengedwe ndi anthu okhala pafupi. Ngati kamlatho kathu n'kakang'ono moti sikafika pa muyeso umenewo, chabwino. Koma kodi pamafunika katswiri wochokera ku Lilongwe kuti munthu aone ngalande yotuluka padziwe? Kapitawo akanangoyenda mapazi pang'ono Lamulungu, anthu akutuluka ku Misa, akanauzidwa zonse, ndipo akanamuonetsanso chigwembe chouma cha kumtunda kwa msewu chimene chakhala chikudya munda wa sukulu. Chigwembe chimenecho chikufuna dothi. Dziwe silikulifuna.

Za akatumbu, ndikudziwa kuti sakondedwa. Amene ali ndi maiwe oweta nsomba amawatukwana, ndipo ali ndi chifukwa. Sindikukupemphani kuti muwakonde. Alamu anga samukonda namgumi, koma amamudikira. Ndingokuuzani chimodzi chimene mlimi aliyense angatsimikize ndi maso ake: katumbu amakhala pomwe pali nkhanu, ndipo nkhanu zimakhala pomwe madzi ali amoyo chaka chonse. Tsiku limene zikamba zidzasiye kuoneka pamwala paja, musadzafunse za katumbu. Mudzafunse kuti madimba amwa chiyani mu Okutobala. Nyama ndi mbatatesi zikumwera pamodzi, ndipo dothi lokwirira chimodzi likwirira zonse.

Chimene chikundipweteka kwambiri si katapila. Ndi ife. Taphunzira kuganiza kuti chinthu chikabwera ndi galimoto yolembedwa m'mbali, ulemu wathu wonse uyenera kupatuka. Mnyamata wa m'mudzi atatsikira pamadzi amayi akusamba osaodira, nkhani yake ingafike kwa makolo ake dzuwa lisanalowe. Koma makina akachita zomwezo timati ndi chitukuko, ndipo wodandaula ndiye amasanduka wolakwa. Tawonapo zimenezi pomwe amaphwanya miyala m'mapiri athu, nyumba n'kung'ambika makoma eni ake osauzidwa tsiku. Tawonapo pomwe msewu watsopano umalozetsa madzi ake onse m'munda wa munthu. Nthawi zonse yankho ndi limodzi, lakuti chilolezo chilipo.

Ena akuti tikavuta kampani ipita kwina ndipo mlatho tiusowa. Mantha amenewa ndi amene amatidyetsa dothi. Doko la alamu anga likumangidwa ndithu, ngakhale chihamala chimaima namgumi akamadutsa. Ngati ntchito yaikulu chotero ikutha kupirira kudikira, kamlatho ka pamtsinje woti mwana amaulumpha m'chilimwe kangagwe chifukwa dothi lasenzedwa kupita kumtunda?

Mlatho tikuufuna. Dziwe tikulifunanso. Amene akuti tisankhepo chimodzi atiuze chifukwa chake, atiuzire pamaso pa anthu, osati pa injini yolira.

Pamene ndikulemba pano, katapila waima kumtunda kwa powolokera. Mabwana a kampani akuti abwera Lachisanu kudzakumana ndi komiti ya mlatho. Dothi limene linathiridwa kale likadali m'mbali mwa dziwe, ndipo madzi a m'ngalande akuyenda ofiirira, koma akuyenda. A Teleza akumapita pamwala paja m'mawa uliwonse ndi beseni lawo. Zochapa zinatha kale, moti dzulo pafoni anandiuza kuti ayamba kuchapa zoyera. Amayi ena ayamba kukhala nawo. Ena akuwadutsa osawapatsa moni.

Sindikudziwa kuti Lachisanu zitha bwanji. Mwina mabwanawo abwera ndi pepala lawo, ndipo mwina pepalalo lilidi ndi chidindo. Akadzalitulutsa, ndikupempha a komiti kuti asadzaliope. Adzapemphe kuti liwerengedwe mokweza, m'Chichewa, mpaka pomwe likunena za dothi. Ngati silinenapo kanthu, ndiye kuti chilolezo chokwirira dziwe palibe amene ali nacho.

Lolemba lija pobwerera, a Fabiano anandiperekeza kukakwera minibasi tsidya lina. Titayandikira powolokera, onse awiri tinaima pomwe timaima nthawi zonse, pafupi ndi katapila wozimayo. Alamu anga anafuula kuti, "Odi kumadzi!" Kunali zii. Anaitananso, tinadikira pang'ono, kenako tinatsika.

Sizinatichedwetse, ndipo minibasi ndinaipeza.

Inu amene mukubwera Lachisanu ndi chidindo chanu, kwanu sanakuphunzitseni mawu amenewa?