Thumba la Mtedza Limene Silinafike ku Jenda

"Kagulitseni mtedzawo, adada, mbwenu mwanayu mudzamuika nokha!"

Anandikalipira choncho ndi NyaTembo, mtsogoleri wa gulu la amayi kwathu, kumwera kwa Embangweni. Amayiwa ankakumana pamtengo wa mango kuphunzitsana phala lothira nsinjiro ndi masamba osinja. Mwana wanga Tiwonge anali atatupa mapazi, tsitsi lofiira ngati ndevu za chimanga. Ine ndinali nditamanga kale thumba la mtedza wosenda panjinga, ulendo wa ku Jenda.

Ndinamuyankha kuti pakhomo panga salamulapo mkazi wa mwini.

Ndisanakwere njinga, utsi unabuka kudambo. Amuna a mudzi wa tsidya, amene tinkalimbirana nawo podyetsera ng'ombe, anali atawoloka mtsinje ndi zikwanje ndi zibonga. Nkhokwe zinayamba kupsa.

Mkulu wanga anathamangira kukhola kukatsegulira ng'ombe.

Mkazi wanga anabereka Tiwonge. Ine ndinakankha njinga m'munda wa fodya. Tayala linaphulika pachitsa. Ndinakankhabe.

Ndinkafuna kumsewu. NyaTembo anati kumsewu atsekako, tiwoloke. Kuwolokera kwa adani! Mtima unandipsa, koma amayi onse anali atamutsatira kale. Nanenso ndinatsatira.

Tinawolokera chakumunsi, madzi m'mawondo, njinga paphewa. Mwana sanalire njira yonse. Ndinkamuyang'ana kawirikawiri kuti ndione ngati akupumabe.

Amene anatitsegulira chigafa cha fodya ndi NyaJere, mayi wa tsidyalo. Anali wa gulu lomwe lija. Lachitatu lililonse ankawoloka kudzaphika ndi akazi athu. Mwamuna wake anali mmodzi mwa otentha mudzi wathu. Sanatifunse kanthu. Anatchinga khomo ndi mapesi, n'kubwera ndi mphika wa phala. Phalalo linali la ufa woyera wokhawokha. Kwawo mtedza anali atagulitsa wonse. Tiwonge ananyambita supuni, n'kutembenuza nkhope.

Tiwonge lero ali ku sekondale. Mkulu wanga sanabwerenso kuchokera kukhola kuja.

Kutacha m'chigafa muja, ndinamasula thumba lija, n'kuuza NyaJere kuti andibwereke mtondo. NyaTembo anatambasula dzanja kuti alandire munsi. Ndinamukaniza. Ndinasinja ndekha m'chigafamo mpaka manja anatuluka matuza, amayi akusefa nsinjiro, akuseka chapansipansi.

Amuna odutsa panja ankamva munsi. Ankayesa akusinja ndi mkazi.